Ndinamumwetsa Madzi a Mchere

Lolemba, 4 Malichi

Atigoneka. Wodi ya ana onyentchera, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pansi pa zenera losatseguka. Ndikulemba kumasamba akumapeto a kabuku komwe ndimalembamo masikelo a ana a eni. Zaka zinayi ndakhala ndikuyenda khomo ndi khomo nditavala malaya a anthu odzipereka pa zaumoyo, kuyeza timikono ta ana ndi kachingwe, kudzudzula amayi anzanga kuti sadziwa kudyetsa. Lero kachingwe ngati komweko akulunga pamkono wa mwana wanga, ndipo kafika pofiira.

Pakhomo timamutcha Kachiwala, chifukwa atangophunzira kuyenda sankakhazikika malo amodzi. Ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Sikelo 7.4, koma akuti gawo lina ndi madzi. Mapazi atupa, ukadina chala pamatsala dzenje. Nkhope yatupa, tsitsi lafiira ndipo likuthothoka, khungu la m'ntchafu likusupuka. Akutsegula m'mimba.

Adokotala afunsa kuti kutupa kunayamba liti. Ndati sabata yatha. Bodza, patha masabata atatu. Ndinamusiyitsa bere nditazindikira kuti ndili ndi pakati pena. Kenako kunabwera chikuku, kenako kutsegula m'mimba. Bambo ake, omwe amawotcherera zitsulo, anakhala pakhomo miyezi iwiri ndi dzanja lopsa, ndiye phala linkangosungunuka tsiku ndi tsiku mpaka linasanduka madzi oyera. Kutupako ndinakuzindikira tsiku loyamba, si ndimakuphunzitsa ine? Koma kukaima pamzere kusikelo yakwathu, pamaso pa amayi omwe ndinkawaloza chala, ndinalephera. Takwera basi kubwera kuchipatala chakutali kuno, kumene palibe wondidziwa. Bambo ake abwerera madzulo, mawa akuyamba ntchito.

Lachiwiri, 5 Malichi

Sikelo 7.4. Mtima ukugunda ka 128 pa mphindi, kupuma ka 36. Manambalawa ndawabera papepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi.

Muno zonse zimayendera nthawi. Anesi aakulu ali ndi kawotchi kolendewera pachifuwa, ndiye amayi a muno anangowatcha a Wotchi. Mkaka wa anawa ndi wamadzimadzi, wotsekemera pang'ono, ndipo amaupungulira m'kakapu ka mizere: mamililita 60, maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Mamililita 60 ndi masupuni aakulu anayi basi. Mwana wanjala miyezi itatu, masupuni anayi! Akasiya, a Wotchi amayeza chotsalacho n'kulemba. Akasanza amalembanso. Mankhwala opha tizilombo m'mawa ndi madzulo. Amubaya chala kuyeza shuga, sanalire n'komwe.

Ndinafunsa adokotala kuti dilipi amuika liti, popeza akutsegula. Ndi bambo aatali, owerama pang'ono, olankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Ananyamula kamkono ka Kachiwala.

"Mnofu wa apa wapita kuti, amayi?"

"Watha."

"Thupi likasowa chakudya limadzidya lokha. Mtima nawonso ndi mnofu, njala siudumpha. Wa mwanayu wachepa, makoma ake apyapyala, ukupopa mofooka. Ukalandira madzi ambiri nthawi imodzi ulephera kuwakankha, ndipo madziwo abwerera m'mapapo. N'chifukwa chake dilipi ayi. Ndipo musamupatse kanthu kena kalikonse musanatifunse."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu woti anazimva kalekale. Ndinawauzanso kuti kwathu ndine wa zaumoyo. Anangoti, "Ndi bwino," n'kupita pabedi lina.

Pabedi la kumanja pali amake mapasa, ogulitsa makala, manja akuda mpaka m'mizere. Mmodzi mwa mapasawo ndiye wagonekedwa. Winayo ali kumsana, wonenepa ngati anamulanda mnzake zonse. Atamva zoti ndimaphunzitsa amayi kudyetsa ana anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye aphunzitsi mwabwera kudzalemba nawo mayeso?" Dzinalo landimata, wodi yonse ikuti aphunzitsi.

Lachitatu, 6 Malichi

Sikelo 7.2. Mtima 124, kupuma 34. Watsegula kanayi.

Apongozi abwera masana ndi mpunga, nyemba ndi mazira awiri owiritsa a mdzukulu wawo. A Wotchi anawatchinga pakhomo ngati wapolisi wa pamsewu. "Cha amake chilowe, cha mwana ayi." Apongozi atamva kuti sikelo yatsika anagwira m'chiuno.

"Mwana anabwera ndi masaya, pano akufota! Chipatala chanji chomana mwana dzira? Inu amake Kachiwala, si paja mumadziwa zinthu? Mwangokhala duu?"

A Wotchi anawauza kuti kutsikako ndiye kuchira kwake, akutaya madzi omutupitsa aja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, agogo." Apongozi anayankha kuti nkhono yakeyo idzatsegula maso mwana atapita kale. Mazira aja ndadya ine, nditafulatira kuti mwana asandione.

Chomwe chikundidya mtima ndi ludzu lake. Akatsegula amamupatsa madzi awoawo, osungunulamo ufa wa m'paketi, mamililita 30 okha. Amameza kamodzi n'kutambasula dzanja. "Madi. Amama, madi." Milomo yauma. Ndinauza a Wotchi kuti mwana wotsegula amamwetsedwa mpaka akane yekha, ndi zomwe tinaphunzira, ndi zomwe zili pachithunzi chomwe ndimayenda nacho. Iwo anati, "Ana ena, eya. Awa, ayi," n'kuthamangira kwa mwana wina amene ankasanza. Sanandiuze chifukwa chake, nane sindinawatsatire kukafunsa. Ndinangopsa mtima.

Lachinayi, 7 Malichi

Sikelo 7.2. Watsegula kasanu dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndachita chinthu. Kuseri kwa wodi kuli khitchini ya ife odikirira odwala. Ndinawiritsa madzi, n'kuwaziziritsa, n'kuthira m'botolo la lita imodzi. Shuga masupuni aang'ono asanu ndi imodzi, mchere theka la supuni. Manja anga amasakaniza okha zimenezi. Ndaphunzitsa amayi oposa zana, ndipo ana ena ali kusukulu lero chifukwa cha madzi omwewa. Ndinadziuza kuti adokotala ankanena za dilipi ndi mazira, pomwe ichi si chakudya, ndi mankhwala.

Botolo ndalibisa m'chikwama pansi pa bedi. Anesi akalowera mbali ina ndimakoka nsalu yotchinga n'kumumwetsa ndi kapu yanga ya tiyi. Mmene amamwera! Osapumira, timanja tonse tiwiri titagwira kapu, maso ali pa ine. Chibwerere muno, lero ndiye ndadzimva kuti ndine mayi wake, osati wongogwirizira kakapu ka eni.

Amake mapasa anasuzumira.

"Aphunzitsi, chimenecho akupatsani a Wotchi?"

"N'changa. Ndikudziwa chomwe ndikuchita."

"Kaya. Ine sukulu ndilibe, ndimangomva zomwe andiuza."

Ndinawauza kuti akafuna ndiwasakanizira wawo. Anakana. Mumtima ndinati umbuli ndi matenda.

Pofika madzulo botolo latsala pang'ono kutha. Wagona bwino, osalira. Ndasakaniza lachiwiri.

Lachisanu, 8 Malichi, m'mawa

Sikelo 7.7! Theka la kilo tsiku limodzi. Ndinaomba m'manja. A Wotchi sanaseke. Anamutsitsa, n'kumenya sikelo cha pambali poti nthawi zina imakakamira, n'kumukwezanso. 7.7. Anamuyang'ana zikope, zatupa kuposa dzulo. Mtima 146, kupuma 44. Atumiza uthenga kwa adokotala, omwe ali kuwodi ina.

Asanamuyeze ndinali nditamupatsa kale makapu awiri. Mkaka wa 8 koloko wakana.

Lachisanu, madzulo

Ndilemba zonse, chifukwa ndikudzidziwa, mawa ndidzafuna kudzinamiza.

Cha m'ma 10 koloko anayamba kupuma ngati wathamanga. Mphuno zikutseguka n'kutsekeka, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, ndipo akamatulutsa mpweya pamamveka kamawu kobuula. Manja ozizira. A Wotchi anawerenga: kupuma 64, mtima 172. Chibwerere muno ndinali ndisanawaone nkhope yotero.

Anatisamutsira pabedi loyandikana ndi tebulo la anesi. Amayi onse amadziwa kuti pabedi limenelo pamagona mwana wodwala mwakayakaya. Anamukhazika chotsamira mapilo n'kumuika timapaipi ta mpweya m'mphuno.

Adokotala anafika wefuwefu. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kudina pansi pa nthiti za kumanja pomwe pali chiwindi, n'kuyang'ana mitsempha ya m'khosi. Kenako anatenga pepala.

"Sisitala, pepalali likuti wamwa zochepa kuposa zomwe wataya. Sikelo ikuti wawonjezera theka la kilo. Chimodzi chikunama. Mkaka munayeza bwino?"

"Ndinayeza ndekha, adokotala. Anzanga ausiku ndawafunsa, akuti sanapitirize muyezo. Koma sikelo ija imakakamira."

Anatembenukira kwa ine. "Amayi, pali china chomwe wamwa kapena kudya?"

"Ayi."

Mawuwo anatuluka okha.

"Mvetserani bwino," iwo anatero. "Ngati yalakwa ndi sikelo, ndiye kuti mwanayu wauma m'thupi ndi kutsegula kuja, ndipo ndiyenera kumuika dilipi pompano. Ngati lalakwa ndi pepala, ndiye kuti mtima wamira m'madzi, ndipo dilipi imupha tisanadye nkhomaliro. Chifuwachi chikundiuza madzi, koma sindikuona pomwe alowera."

A Wotchi anali atakoka kale chitsulo chopachikira dilipi, matayala ake akulira. Ndinayang'ana thumba la madzi likulendewera pamwamba pa mwana wanga. Ndinkaganiza za apongozi, za bambo ake, za malaya anga aja. Mwana akubanika pamaso panga, ine ndikuganiza za malaya. Ndalemba, zikhale pomwepa.

Amake mapasa anali ataima kumbuyo kwanga. Sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, nenani. Mukapanda kunena inu, ndinena ine."

Ndinapita kubedi lathu lakale, n'kukoka chikwama, n'kubwera ndi botolo. Linali litatsala theka. Ndinanena zonse, shuga, mchere, makapu angati, nthawi yanji, ndi kuti limeneli ndi lachiwiri.

Adokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Anati, "Chotsani dilipi," n'kuitanitsa jakisoni wokodzetsa, muyezo wochepa kwambiri. Mkaka aimitsa, madzi onse aimitsa. Atatha kumubaya ndi pomwe anandiyang'ana.

"Madzi amenewa apulumutsa ana ambiri, musadane nawo. Koma thupi la mwana wotupa ndi lodzaza kale ndi mchere, pomwe mchere wina womwe mtima umadalira, wotchedwa potaziyamu, watha. Aja timamupatsa ife ali ndi mchere wochepa, potaziyamu wambiri. Anuwa alowa m'magazi onse nthawi imodzi n'kukaunjikana pa kamtima kaja." Anagogoda chitsulo cha bedi ndi chala, katatu, katatu, katatu. "Mtima wabwino umagunda kawiri. Wake ukumveka chonchi. Ukupunthwa."

"Achira?"

"Tione mawa."

A Wotchi anatenga botolo n'kukalikhuthula m'sinki. Sanandilankhule tsiku lonse. Amati safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndadyetsa mwana.

Loweruka, 9 Malichi

Kupuma 58. Mtima 164. Sikelo 7.5. Wakodza katatu.

Satsegula maso. Ndimamunyowetsa milomo ndi kathonje, ndi zokhazo zomwe andilola. Masana ayambanso mkaka kudzera m'kapaipi kolowa m'mphuno mpaka m'mimba, mamililita 20 ola lililonse.

Bambo ake afika masana. Ataona mapaipi aja anaima ngati awamenya ndi chitsulo, kenako anatembenukira kwa a Wotchi, wodi yonse ikumva.

"Lolemba ndinamusiya akundiitana! Mwamuchita chiyani? Mumamumana chakudya, amayi anandiuza. Pano taonani!"

A Wotchi anangoti, "Bambo, tsitsani mawu, muno muli ana odwala." Anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kulemba. Ine kukamwa gwa.

Lamulungu, 10 Malichi

Kupuma 60. Mtima 168. Sizikutsika.

Bambo ake anagona pakhonde. M'mawa ndinawaitanira pabenchi la panja, pafupi ndi mpope, n'kuwauza. Ndinayambira pa masabata atatu aja. Ndinagogodanso benchi katatu katatu ngati mmene anachitira adokotala, kuti amve chomwe chikuchitika m'chifuwa cha mwana wawo.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana madzi akudontha pampope.

"Ndiye dzulo ndatukwana munthu wosalakwa, inu mukuonerera?"

"Eya."

Analowa m'wodi, n'kuvula chipewa, n'kukapepesa kwa a Wotchi pamaso pa onse omwe anamva dzulo. Potuluka anaima pafupi nane.

"Amake Kachiwala, mwanayu akapita, sindikudziwa kuti ndidzakhala nanu bwanji nyumba imodzi."

Akwera basi ya masana.

Wam'mimbayu wasankha lero kuyamba kusuntha. Sindinauze aliyense.

Lolemba, 11 Malichi

Kupuma 52. Mtima 150. Sikelo 7.1.

Adokotala abwera ndi makina ounikira m'thupi, akukankha okha. Anapaka mafuta ozizira pachifuwa chake n'kutembenuzira galasi kwa ine. Ndauona mtima wa mwana wanga. Wotuwa, waung'ono, ngati kadzanja kofumbata n'kufumbatula mothamanga. Anandilozera makoma ake, opyapyala, ndi kamzere kakuda kozungulira komwe akuti ndi madzi.

"Udzakulanso?"

"Mnofu ukamabwerera m'mikono, nawonso umabwerera. Koma uyambe wadutsa sabata ino. Tikamawonjezera mkaka, thupi limadzuka n'kuyamba kuupempha ntchito yambiri. Pamenepo ukhoza kupunthwanso."

Atachoka, a Wotchi anabwera. Kuyambira Lachisanu mawu awo kwa ine anali "nyamulani" ndi "gonekani" basi. Anamasula kawotchi kawo n'kukapanika pa bulawuzi yanga.

"Aphunzitsi, poti manja anu sakhazikika, nayi ntchito. Ola lililonse muwerenge kupuma kwake, mphindi yathunthu, osati theka. Kukapitirira 55 mundiitane. Mwamva? Osachiza. Kuitana."

Ndinayamba kupepesa za Loweruka. Anandidula. "Otukwana ndawazolowera. Nanenso Lachitatu lija ndikanaima mphindi imodzi n'kukuuzani chifukwa chake. Werengani."

Lachiwiri, 12 Malichi

50, 48, 49, 46, 48, 47, 45.

Kuwerenga kupuma kwa mwana wako n'kovuta. Umapezeka ukupuma naye limodzi mpaka chizungulire.

Cha m'ma 3 koloko watsegula maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kukumbukira kuti ndine yani. Kenako, motsitsa kwambiri, "Madi." Ndinaitana anesi. Anamupatsa masupuni aang'ono awiri.

Mtima 140. Sikelo 6.9. Kutsegula kwachepa, kawiri kokha.

Lachitatu, 13 Malichi

M'mawa awonjezera mkaka, mamililita 30 pa ola. Mpaka masana zonse zinali bwino: 44, 45, 44. Cha m'ma 2 koloko ndinapeza 52. Ndinabwereza, 56. Ndinakuwa kuitana anesi aakulu, ndipo ndinawaitana ndi dzina lopeka lomweli la a Wotchi, pamaso pawo, wodi yonse inamva.

Adokotala anabwera, anamvetsera. Kugunda kwachitatu kuja kukadalipo, akuti pang'ono. Abweza mkaka pa 25. Pofika 5 koloko kupuma 47. Ndinapita kuchimbudzi kukasanza, n'kubwerera kudzawerenga.

Amake mapasa awasamutsira kuchipinda cha ochira, mwana wawo wayamba kulanda mnzake zoseweretsa. Anabwera kudzatsazika, katundu ali pamutu.

Ndinati, "Pakanapanda inu..."

"Mukananena nokha, mwina. Koma mwina wakeyo ndi amene ndinamuopa." Anandisiyira theka la buledi. "Idyani, aphunzitsi, muli awiri. Musadzabwerenso muno ndi winayo."

Ndinawayesa mbuli mayi amenewa.

Lachinayi, 14 Malichi

42, 41, 43, 40. Mtima 132. Sikelo 6.6.

Achotsa mpweya m'mawa kuti aone. Ndakhala tsiku lonse maso ali pa nthiti zake. Sanaubwezere.

Kutupa kwatha. Pomusambitsa ndi kansalu ndamuona mmene alili kwenikweni. Nthiti zonse zikuwerengeka, matako ndi khungu lopindika, mawondo ndi aakulu kuposa ntchafu. Pansi pa bere lakumanzere khungu limadumpha, mtima ukuonekera kunja. Uyu ndiye mwana amene ndinamubisa masabata atatu, ndikumuveka zovala zazitali manja kuti oyandikana nafe asaone.

Apongozi abwera, atamuona analira mokweza mpaka anawatulutsa. Panja anandigwira dzanja n'kunena kuti ndalimba mtima, amayi ena akanathawa. Ndiye kuti mwana wawo sanawauze. Bambo ake atumiza nthochi ndi sopo. Mawu sanatumize.

Lachisanu, 15 Malichi

40, 39, 40, 38. Mkaka 50 maola awiri aliwonse, kenako 55. Ndinadikira kuti kupuma kukwere. Sikunakwere.

Pabedi lathu lakale agonekapo mwana wina wotupa, amake ndi mtsikana wamantha. Masana ndinamumva mwanayo akulirira madzi, ndipo ndinaona amake akuyang'ana chikwama chawo. Ndinapita. Sindinawaphunzitse kanthu. Ndinangowalozera Kachiwala n'kuwauza zomwe ndinachita Lachinayi la sabata yatha, muyezo ndi zonse. Anandiyang'ana ngati ndine mfiti, koma chikwamacho sanatsegule.

Loweruka, 16 Malichi

Achotsa kapaipi ka m'mphuno. Akumwa ndi kapu, 65, ndipo amanyambita m'mphepete. Akamaliza amalira kufuna wina, kulira kwenikweni, kwa mkwiyo. Masana wandimenya ndi kapu pamphuno.

Mtima 124. Kupuma 36. Sikelo 6.5.

Adokotala sabwera mpaka Lolemba. A Wotchi akuti manambala ali bwino, koma za kugunda kwachitatu sanganene iwo. Kukakhala kuti kulipobe, mkaka wonenepetsa sayamba, ndipo tikhalabe pabedi lino.

Lamulungu, 17 Malichi

36, 35, 37, 36. Ndabweza wotchi. Ndikuwerengabe mumtima.

Lolemba, 18 Malichi

Sikelo 6.5. Mtima 118. Kupuma 34.

Bambo ake afika ndi basi yoyamba, atavala zakuntchito. Sanandipatse moni wambiri. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja, Kachiwala akuwayang'anitsitsa chala chili m'kamwa.

Adokotala anayambira mbali ina ya wodi, bedi ndi bedi, ndipo ndinkangomva nsapato zawo zikuyandikira. Atafika kwa ife anawerenga pepala lonse kuyambira Lachisanu. Anadina pansi pa nthiti, n'kuyang'ana m'khosi. Kenako anaika chipangizo chawo chomvetsera mtima pachifuwa. Anamvetsera kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso, atatsinzina. Kachiwala anagwira chingwe chake n'kuyamba kukoka, iwo osatsegula maso. Ine ndinasiya kupuma.

Adokotala anachivula m'makutu mwawo n'kuchilowetsa m'makutu mwanga.

Poyamba ndinangomva kuwomba, ngati mphepo m'botolo. Anasuntha dzanja langa pang'ono kumanzere. Ndiye ndinaumva, pafupi kwambiri, ngati uli m'mutu mwanga. Kawiri. Kawiri. Kawiri. Ndinadikira kachitatu kaja. Ndinadikira mpaka misozi inayamba kudonthera pamimba pake. Sikanabwere.

"Lero tiyamba mkaka wachiwiri, wonenepetsa uja," adokotala anauza a Wotchi. "Pang'onopang'ono. Ndipo bedi ili lipatseni wina." Kenako anatambasula dzanja kwa ine. "Amayi, ndibwezereni makutu anga, ana makumi awiri akundidikira."

"Dikirani pang'ono, adokotala."

Ndinachivula, koma sindinawabwezere. Ndinapatsa bambo ake. Anaika chipewa pabedi, n'kuwerama, ine ndikugwirizira pachifuwa cha mwana kuti pasasunthe. Anamvetsera nthawi yaitali, milomo ikuwerenga.

"Amake Kachiwala, nanunso mwamva kawiri?"

"Kawiri."

"Tabwerezani inu, mwina ine sindidziwa kumvetsera."

Ndinamvetseranso, kenako iwonso. Adokotala anaima pomwepo, manja m'thumba, mpaka tinakhuta.